Dazi la Lord Salisbury

M'nyumba mwanga ku Ntcheu, pamwamba pa kabati ya mabuku, pali mutu wa munthu. Musadzidzimuke, mutuwo ndi wa mkuwa. Ndi chiboliboli chaching'ono, chosapitirira msinkhu wa botolo la mafuta ophikira, choonetsa mutu, mapewa ndi chifuwa cha mzungu wina wandevu zambiri. Ponseponse n'choderapo ngati mphika wakale wa nyemba, kupatula padazi pokha pomwe maonekedwe ake ndi osiyana ndi pena ponse. Alendo akafika salephera kufunsa mafunso awiri. Loyamba amati, "Kodi ameneyu ndi yani?" Lachiwiri amati, "Nanga pamutupa padatani?" Mafunso onsewa ali ndi mayankho, koma lachiwirilo ndimayankha mwamanyazi, pakuti mwini mlanduwo ndine.

M'chaka cha 2008 ndidapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a uphunzitsi ku London. Ndalama zomwe ndinkalandira zinkangokwana lendi ndi chakudya, mwakuti ndidayamba kusakasaka ganyu, popeza lamulo linkalola wophunzira wochokera kunja kugwira ntchito maola 20 pa sabata. Nditayenda mpaka nsapato kuperepeseka, ndidalembedwa m'kasitolo kena pafupi ndi Portobello Road, msewu womwe Loweruka lililonse umadzaza ndi ogula ndi ogulitsa zinthu zamakedzana. Mwini sitoloyo adali bambo wokalamba, wowerama msana, amene maso ake adali atayamba kuchita chidima. Ntchito yanga idali kusesa, kunyamula katundu ndi kupukuta fumbi.

Tsiku loyamba nditalowa m'sitolomo thupi lidachita tsembwe. Mashelefu onse adali odzaza ndi mitu, ina yakuda, ina yofiirira, ina yobiriwirako, yonse itandiyang'ana. Bambo aja adayamba kundionetsa umodziumodzi monga achitira mwini mudzi podziwitsa mlendo kwa akuluakulu. Uyu ndi Napoleon wa ku France, uyu Wellington amene adamgonjetsa ku Waterloo mu 1815, awa ndi Gladstone ndi Disraeli amene ankalimbirana mpando wa nduna yaikulu ya Britain, uyo ndi Bismarck wa ku Germany, ndipo apo ndi Washington ndi Lincoln a ku America. Anthu amene sankamwerana madzi ali moyo adali atakhala moyandikana ngati ana a mimba imodzi, duu, aliyense ali ndi kapepala ka mtengo m'khosi. Mumtima ndidati kwathu munthu wosunga mitu ya akufa m'nyumba sangachedwe kuitanidwa kubwalo la mfumu.

Sabata yachitatu bambo aja adapita kuchipatala cha maso nandisiya ndekha. Tsono ine ndidakulira m'manja mwa mayi amene ankati poto wakuda ndi manyazi a mwini nyumba. Madzulo aliwonse alongo anga ankakwecha mapoto ndi phulusa ndi mchenga mpaka munthu kudzionerapo nkhope. Choncho ndikayang'ana mitu ija, yakuda bii, ndinkaona ngati ndi litsiro la zaka zambiri lomwe nkhalamba yosaona bwino idalephera kuchotsa. Ndidatenga mankhwala omwe tinkawalitsira chogwirira cha chitseko, n'kusankha mutu umodzi wadazi lalikulu kuti ndiyambirepo. Ndidakwecha ndi mtima wonse. Posakhalitsa dazi lidayamba kung'anima ngati golide, ine n'kumamwetulira ndekha poganiza za mmene abwana adzandiyamikire.

Ndili pakalikiliki chotero, mudalowa mayi wina wa m'sitolo yoyandikana nafe kudzasinthitsa ndalama. Ataona zimene ndinkachita adagwira pakamwa. "Mwana iwe, wachita chiyani?" Adandikhazika pansi nandifotokozera kuti kuderako sikudali litsiro. Chikopa choderacho chimatchedwa patina. Amisiri amachiika dala pamkuwa, pogwiritsa ntchito mankhwala ndi moto, chiboliboli chisanatuluke kosulira, ndipo zaka zikamapita mpweya ndi manja a anthu zimachikhwimitsa. Kwa osunga zinthu zakale, patina ndiyo mboni ya msinkhu wa chinthu, ndipo gawo lalikulu la mtengo wake limagona pamenepo. Zomwe zidatenga zaka zoposa 100 kuti zikhazikike, ine ndidazifafaniza m'mphindi 10. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Mayi uja atatuluka ndidachita chinthu china choipa kuposa choyamba. Ndidathamangira kukagula polishi wa nsapato wabulawuni ndi wakuda, n'kusakaniza, n'kupaka padazi paja mpaka golide yense kubisika. Kenaka ndidabwezera mutuwo pashelefu, cha kumbuyo komwe kunkafika kuwala kochepa. Abwana atabwera sadaone kanthu. Usiku umenewo tulo sindidatione. Ndinkawerengera lendi, ndinkawerengera ndalama zomwe ndinkatumiza kumudzi, ndipo ndinkadziuza kuti munthu wosaona bwino sangadziwe, wogula naye akadzazindikira ine ndidzakhala nditabwerera kwathu. Mtima wina unkati, "Khala chete, mlendo ndi mame." Mtima wina unkandifunsa kuti ndikabwerera m'kalasi ndidzawauza chiyani ana za kukhulupirika.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka la sabata yomweyo kudafika bambo wina wovala bwino amene ankasonkhanitsa ziboliboli za nduna zazikulu za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Adati ali nazo kale za Peel, Palmerston, Gladstone ndi Disraeli, ndipo chimene chinkamsowetsa mtendere chidali cha Salisbury. Abwana adandituma kuti nditsitse mutu wakumbuyo uja. Ndidaunyamula manja akunjenjemera, kafungo ka polishi kakundilowa m'mphuno. Adakambirana mtengo nagwirizana. Pamene abwana adatambasula pepala loti akulungire, mawu adatuluka okha m'kamwa mwanga. "Bwana, pepani, musagulitse. Padazipo ndapakapo polishi wa nsapato. Ndidakwechapo ndine Lachiwiri lija." Wogula uja adatulutsa kampango koyera, napukuta pamutupo, kampango n'kuda, golide n'kuonekera. Sadanene kanthu. Adavala chipewa chake natuluka.

M'sitolo mudati zii. Ndidayamba kuvula epuloni podziwa kuti ntchito yatha. Koma bambo aja adasisita dazi lija ndi chala kwa nthawi yaitali, kenaka adati, "Patina ikhoza kuikidwanso, alipo amisiri odziwa ntchito imeneyo. Koma ndidzayenera kuuza wogula aliyense kuti ndi yatsopano, ndipo mtengo udzatsika. M'malonda ano timagulitsa zinthu ziwiri, mkuwa ndi mawu athu. Mkuwa wauononga, mawu wawasunga. Valanso epuloniyo." Chilango changa chidali chakuti ndigule chibolibolicho pa mtengo womwe iwo adagulira, azidula pang'onopang'ono pa malipiro anga. Ndidalipira miyezi 7. Adaonjezanso kuti popeza tsopano ndine mwini chiboliboli, ndiyenera kuphunzira zomwe mwini chiboliboli amadziwa. Sukulu yanga yachiwiri idayambira pamenepo.

Phunziro loyamba lidali la kapangidwe. Mkuwa wa ziboliboli ndi msanganizo wa kopa, yemwe amakumbidwa m'migodi monga ya ku Zambia, ndi chitsulo chofewa chotchedwa tini, pafupifupi magawo 9 a kopa pa gawo limodzi la tini. Mmisiri amayamba waumba nkhope ndi dongo. Kuchokera pa dongolo amapanga chikombole, ndipo m'chikombolemo amathiramo phula losungunuka kuti apeze nkhope yomweyo ya phula, yamphako m'kati. Nkhope ya phulayo amaimata ndi dothi losapsa ndi moto, n'kuiika m'ng'anjo. Phula limasungunuka n'kutuluka, ndipo m'malo momwe lasiyamo amathiramo mkuwa wamadzimadzi wotentha kuposa madigiri 1,000. Ukazizira amaswa dothi lija, nkhope n'kutuluka. Njira ina, yomwe inkagwiritsidwa ntchito kwambiri ku France m'zaka za m'ma 1800, ndi ya chikombole cha mchenga wotsendereza. Pambuyo pake amisiri ena amasalaza zipsera, kunola tsitsi ndi ndevu ndi tizitsulo, ndipo wotsiriza ndiye woika patina.

Phunziro lachiwiri lidali la kusiyanitsa chenicheni ndi chonyenga, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ziboliboli zambiri zotchipa za m'nthawi imeneyo zinkapangidwa ndi zinki, n'kuzipaka utoto wofanana ndi mkuwa. Bambo aja adandiphunzitsa kukanda pang'ono kunsi komwe sikuoneka. Mkuwa umaonetsa mtundu wa golide wofiirira, pamene zinki imaonetsa kutuwa ngati siliva. Maginito akamamatira, dziwa kuti ndi chitsulo wamba. Mkuwa umalemera, ndipo ukaugogoda ndi chala umalira ngati belu. Palinso akathyali amene amatenga chiboliboli chenicheni n'kupangirapo chikombole chatsopano. Chotuluka m'chikombole chotere chimachepa pang'ono kuposa mayi wake, chifukwa mkuwa umakwinyika ukamazizira, ndiponso mizere ya tsitsi ndi zilembo za dzina zimakhala zofufutika. Maso a bambo aja adali ofooka, koma zala zawo zinkawerenga mkuwa ngati mmene agogo amadziwira chimanga chouma poluma njere imodzi.

Phunziro lachitatu lidali la mbiri ya mwambowu. Aroma akale a m'mabanja otchuka ankasunga nkhope za phula za makolo awo m'chipinda cholandirira alendo, ndipo mafumu awo ankatumiza ziboliboli zawo m'zigawo zonse za ufumu kuti anthu adziwe nkhope ya wowalamula, poti kudalibe nyuzipepala kapena kamera. Mwambowu udatsitsimukanso ku Ulaya patapita zaka mazana ambiri. Mmodzi mwa amisiri otchuka kwambiri adali Jean-Antoine Houdon wa ku France, amene adaumba nkhope ya Benjamin Franklin mu 1778 ndi ya Thomas Jefferson mu 1789. Mu 1785 Houdon adaoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku Mount Vernon, kwawo kwa George Washington, komwe adagoneka mkulu wa asilikaliyo chagada n'kummata pulasitala kumaso kuti atenge maonekedwe ake enieni. Leonard Volk adachitanso chimodzimodzi ndi Abraham Lincoln ku Chicago mu 1860, Lincoln asanasankhidwe kukhala pulezidenti ndiponso asanayambe kusunga ndevu. N'chifukwa chake chiboliboli cha Lincoln chochokera pa ntchito ya Volk chimakhala chosalala chibwano.

Poyamba zinthu zoterezi zidali za mafumu ndi mpondamatiki okhaokha. Chidasintha zinthu ndi makina omwe Achille Collas adapanga ku Paris mu 1836, otha kukopera chiboliboli chachikulu n'kuchichepetsa popanda kusokoneza maonekedwe. Mu 1838 Collas adagwirizana ndi Ferdinand Barbedienne, ndipo fakitale yawo idayamba kutulutsa ziboliboli zazing'ono zambirimbiri mpaka pamene idatsekedwa mu 1954. Kunsi kapena kumbuyo kwa zambiri mwa izo kumapezeka dzina la Barbedienne ndi kachidindo kozungulira ka Collas. Kuyambira pamenepo dokotala, loya ngakhale mwini golosale ankatha kugula mutu wa mtsogoleri wa kumtima kwake n'kuuika pamwamba pa malo osonkhapo moto. Ku Britain, mlendo akaona Gladstone m'nyumba ankadziwiratu kuti eni ake ndi a chipani cha Liberal, akaona Disraeli ankadziwa kuti ndi a Conservative. Nditamva zimenezi ndidaseka, pokumbukira nsalu za zipani zomwe amayi kwathu amavala, nkhope ya mtsogoleri ili pakati. Kusiyana kwake n'kwakuti nsalu imasuluka ndi sopo, pamene mkuwa umakhala mpaka adzukulu osadziwa n'komwe chimene agogo awo ankakanganirana.

Adzukulu amenewo ndiwo ankabweretsa mitu m'sitolo mwathu, itakulungidwa m'mabulangete, nyumba ya malemu ikagulitsidwa. Ogula nawo adali amitundumitundu. Ena ankatsata luso la mmisiri, ena ankakonda mtsogoleriyo, ena ankangofuna posungira ndalama. Mtengo unkadalira zinthu zingapo: dzina la woumba, dzina la fakitale, ngati chidapangidwa woumbayo akali moyo kapena atamwalira kale, ubwino wa patina, ndi mapepala osonyeza manja omwe chidadutsamo. Mitu yambiri ya Washington yomwe imayenda pamsika idapangidwa motsanzira Houdon, iye atamwalira kale mu 1828, ndipo wogulitsa woona mtima amayenera kunena choncho. Chimene chidandidabwitsa ndi chakuti pamndandanda wonsewu padalibe funso lakuti kodi mtsogoleriyo adali munthu wabwino. M'sitolo mwathu Napoleon, amene nkhondo zake zidapulula miyandamiyanda ya anthu, sankachedwa pashelefu, pamene nduna zofatsa zinkatha chaka zikusonkhanitsa fumbi.

Ndidaphunziranso kuti mkuwa umene timauyesa wamuyaya uli ndi mdani wamkulu, ndiye ng'anjo yomwe idaubala. Anthu a ku Paris adagwetsa chiboliboli cha Mfumu Henri IV mu 1792 n'kuchisungunula. Napoleon atagwa, chake chomwe chidali pamwamba pa chipilala cha Vendôme chidatsitsidwa mu 1814, ndipo mkuwa wake udathandiza kuumba Henri IV watsopano amene adaimikidwa pa mlatho wa Pont Neuf mu 1818. Mu 1941 boma la Vichy lidalamula kuti ziboliboli zambiri za m'misewu ya France zisungunulidwe pofuna zitsulo pa nthawi ya nkhondo. Ngakhale kumene kulibe ng'anjo, mitu imeneyi siigona tulo. Ndili ku London komweko, mu 2009, manyuzipepala adasokosera chifukwa chiboliboli cha Winston Churchill, ntchito ya Jacob Epstein, chomwe boma la Britain lidabwereketsa George W. Bush mu 2001, chidachotsedwa mu ofesi ya pulezidenti wa America Barack Obama atalowamo. Anthu adakangana ngati kuti Churchill mwini ndiye watulutsidwa m'nyumba.

Tsiku lina bambo aja adandiuza kuti ndisabwere kuntchito koma ndipite ku British Museum ndikaone mutu wa Augustus. Mutuwo ndi wa mkuwa, maso ake a mwala ndi galasi akali m'malo mwake. Sudapezeke ku Roma ayi. John Garstang adaufukula mu 1910 ku Meroë, m'dziko la Sudan. Ankhondo a ufumu wa Kush ataukira kumwera kwa Egypt zaka pafupifupi 25 Khristu asanabadwe, adadula mutuwo pachiboliboli n'kukaukwirira pansi pa masitepe a kachisi wawo, kuti aliyense wolowa aziponda mfumu ya Aroma. Chipongwe chimenecho ndicho chidaupulumutsa, pakuti ziboliboli zambiri za mkuwa za nthawi imeneyo zidathera m'ng'anjo. M'nyumba yomweyo ndidaonanso mutu wa mfumu wa ku Ife, umodzi mwa yomwe idapezeka mu 1938 anthu akukumba maziko a nyumba, ndiponso mitu ya mafumu a ku Benin yomwe asilikali a Britain adafunkha mu 1897. Amisiri a ku Nigeria ankaumba mafumu awo ndi njira yomweyo ya phula zaka mazana ambiri Houdon asanabadwe. Ndidatuluka m'menemo ndi chimwemwe chosakanikirana ndi chisoni: chimwemwe poona luso la Afirika, chisoni pokumbukira njira yomwe mitu ya ku Benin idayendamo.

Nthawi yonseyi ndinkalipira ngongole ya munthu amene sindinkamdziwa. Tsiku lina ndidalowa mulaibulale ya pakoleji kuti ndifufuze za mwini dazi uja. Dzina lake lidali Robert Gascoyne-Cecil, wodziwika kuti Lord Salisbury, wobadwa mu 1830 ndi kumwalira mu 1903, amene adakhala nduna yaikulu ya Britain katatu. Ndikuwerenga choncho, mtima udayamba kugunda. Mu Januwale 1890 boma lake lidaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake m'dera la mtsinje wa Shire, atsogoleri a mipingo ya ku Scotland atamuumiriza kuti asalole Apwitikizi kutenga malo omwe amishoni awo ankagwirako ntchito. Mu Julaye chaka chomwecho adagwirizana ndi Germany za malire a kumpoto, otsata mtsinje wa Songwe. Mu Meyi 1891 dziko lathu lidalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo mu Juni chaka chomwecho pangano la Britain ndi Portugal lidadula malire otsata mitunda yomwe imagawa madzi opita kunyanja yathu ndi opita ku Zambezi.

Malire amenewo ine ndimawadziwa ndi mapazi. Amadutsa m'mbali mwa msewu waukulu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza, ndipo pa Lizulu munthu amagula kabichi ku Malawi n'kuoloka msewu kukagula mbatata ku Mozambique. Azakhali anga adakwatiwa tsidya linalo, mtunda wosakwana kuyenda kwa ola limodzi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, cha m'ma 1980, adabwera usiku ndi ana ndi mphasa pamutu, ndipo m'mabuku a boma adalembedwa kuti ndi othawa kwawo, chikhalirecho ankagona m'nyumba yomwe adabadwiramo. Tsono munthu amene boma lake lidalemba mzere umenewo, amene sadapondepo nthaka ya Ntcheu ngakhale tsiku limodzi, ndiye adali pansi pa bedi langa ku London, ine n'kumamlipirira mwezi ndi mwezi ndi thukuta langa.

Kwa masiku angapo ndidafuna kumtaya mu mtsinje wa Thames. Nditawauza bambo aja maganizo angawo sadanditsutse. Adangofunsa kuti, "Ukamtaya, malirewo achoka?" Ndidapitiriza kuwerenga, ndipo nkhani idakhala yovuta kuposa mmene mkwiyo wanga unkafunira. Ulamuliro umene Salisbury adatumiza m'manja mwa Harry Johnston udabweretsa msonkho wa nyumba, udavomereza kuti malo aakulu a m'mapiri a Shire akhale a azungu, ndipo pamalo amenewo padamera thangata. Ulamuliro womwewo udathyolanso msana wa malonda a akapolo omwe ankatha anthu m'mphepete mwa nyanja, mpaka kugonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895. Ndidaona kuti sindingathe kumuwalitsa munthuyu kuti akhale golide, komanso sindingathe kumpaka polishi kuti akhale wakuda yekhayekha. Zonse ziwirizi ndidali nditaziyesa kale pamutu pake, ndipo zonse zidandipweteka.

Pobwerera kumudzi mu 2010 ndidasiya majekete awiri ndi nsapato kuti chikwama chisapitirire muyezo wa ndege. Abale atasonkhana kudzaona zomwe ndabwera nazo, ndidatulutsa mutu uja, ana n'kubalalika. Amayi adauyang'ana kwa nthawi nafunsa dzina. Nditati Salisbury, nkhope yawo idasintha. "Salisbury wake wa ku Halale uja?" Ndidavomera, n'kuwafotokozera kuti mzinda umene udakhazikitsidwa mu 1890 udatchedwa dzina la munthu ameneyu kufikira 1982 pamene udakhala Harare. Amayi adayandikira, nayang'anitsitsa ndevu zija, kenaka adati, "Kani ndi ameneyu adameza atate anga." Agogo anga aamuna adanyamuka wapansi kupita ku Salisbury kukafuna ndalama ya msonkho amayi ali khanda, ndipo sadabwerenso. Adasanduka mtchona. Kalata idabwera imodzi yokha, nayonso idadyedwa ndi chiswe.

Kenaka amayi adandifunsa funso lomwe lidandilasa kuposa mawu onse a ku London. "Mwana wanga, mzunguyu wamlipirira miyezi 7 ndipo ukudziwa chaka chomwe adabadwa. Nanga agogo ako, dzina lawo la kumadzi ukulidziwa?" Ndidakhala chete, pakuti sindinkalidziwa. Munthu amene sadandionepo ndinkadziwa kapangidwe ka mphuno yake, koma amene magazi ake ali m'mitsempha mwanga adalibe chithunzi, adalibe manda odziwika, ndipo ngakhale dzina lake lidali pafupi kuzilala. Mawa lake ndidagula kope la masamba 96 n'kukhala pakhonde ndi amayi. Adandiuza mayina, mafuko, midzi yomwe tidachokera, chaka cha dzombe, njala ya 1949, ndi mmene agogo ankasekera malinga ndi zomwe iwo adamva kwa mayi awo. Tidadzaza makope atatu amayi asanatisiye.

Lero chiboliboli chija ndimapita nacho m'kalasi kamodzi pa chaka, pamene tikuphunzira za kugawidwa kwa Afirika. Ndimachiika patebulo, ophunzira n'kubwera mmodzimmodzi kudzachigwira, kuchinyamula ndi kuchigogoda kuti amve kulira kwake. Ndimawauza za 1891, za Songwe ndi za Lizulu. Ndimawauzanso kuti Epstein yemwe adaumba Churchill adaumbanso Haile Selassie mu 1936, mfumu ya ku Ethiopia yomwe dzina lake lili pa msewu wina waukulu mu Blantyre. Za dazi ndimawauzanso osabisa kanthu, mpaka za polishi wa nsapato, ndipo amaseka mpaka misozi. Akatha kuseka ndimawapatsa ntchito yokachitira kunyumba, yomwe siisintha chaka ndi chaka: aliyense akakhale pansi ndi munthu wamkulu kopambana wa m'banja lake, akalembe masamba awiri a mbiri ya kholo lomwe lidamwalira iye asanabadwe. Ena amabwera ndi masamba 10. Ena amabwera ndi misozi, atapeza kuti woti akadawauza adaikidwa m'manda chaka chatha.

Patina yatsopano sindidaikitse, ngakhale ndidali nditapatsidwa dzina la mmisiri wake. Ndimangopukuta fumbi ndi kansalu kofewa monga adandiphunzitsira bambo aja. Pa zaka zimene zapitazi dazi lasiya kung'anima, layamba kuderako lokha pang'onopang'ono, ngakhale likali kutali kuti lifanane ndi ndevu. Pafupi ndi chibolibolicho, pakabati pomwepo, pali makope atatu aja. Mlendo akafunsa za mzungu ndimamuyankha mwachidule, kenaka ndimatsitsa kope loyamba ndi kutsegula tsamba lomwe pali dzina la agogo anga.